Kompyuta yanu yakale sinafe, angoilembera chiphaso cha maliro

Pa 14 October 2025, kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, kupatulapo kwa amene analembetsa kuti awaonjezereko nthawi pang'ono. Tsiku limenelo palibe kompyuta imene inapsa. Palibe kiyibodi imene inathothoka mabatani, palibe sikirini imene inang'aluka. M'mawa mwake makina onse anayaka monga mwa masiku onse. Chimene chinasintha ndi chigamulo chabe cha anthu a mu ofesi ku Redmond, m'dziko la America. Iwo anati Windows 11 ifuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4 GB, malo osungira a 64 GB, ndi purosesa imene ili pa mndandanda wao. Kwa Intel, mndandanda umenewo uyambira makamaka pa mapurosesa a mu 2017 kubwera kuno. Laputopu ya 2014 imene ikali kusewenza bwinobwino, pa pepala lao ndi maliro.

Manje yendani mu Katondo Street, ku Town Centre kapena ku Kamwala, muone makompyuta amene mwana wa pa koleji angakwanitse kugula. Ndi ma ThinkPad, ma Latitude ndi ma ProBook amene anatsiriza nchito m'maofesi a kunja, salaula ya makina. Ambiri mwa iwo ndi omwewo amene alembedwa kuti anafa. Ndiye funso ili likhudza ife kuposa a ku Redmond: kodi tivomera kuti munthu amene sanaionepo n'komwe kompyuta yako ndiye akuuze tsiku loikwirira?

Ine ndikana. Ndipo anthu amene ndifuna kuwaikira kumbuyo pano ndi aja amene ambiri a ife timawaseka: amene amakhala pa sikirini yakuda, kulemba malamulo ndi kiyibodi popanda kugwira mausi, kutenga timapulogalamu taulere n'kutikonza kuti tiyende pa makina akale, kenako n'kutigawa kwa aliyense popanda kulipiritsa olo ngwee imodzi. Timati ndi otsalira. Zoona zake n'zakuti ndiwo amene akanira kuti kompyuta ya munthu wosauka isatayidwe ikali ndi moyo.

Tiyambe ndi bodza limene tinameza, lakuti kompyuta ikakalamba imafooka monga munthu. Purosesa ya 2010 lero ichita masamu pa liwiro lomwelo limene inali kuchita ili yatsopano. Batire imatha, hard disk imatopa, fumbi limatseka fani, koma zonsezi zimasinthidwa kapena kupukutidwa. Chimene chinanenepa ndi katundu amene tiisenzetsa. Mapulogalamu ambiri a masiku ano, monga Slack ndi Discord, amabwera atanyamula browser yathunthu m'mimba mwao, kuti chabe akuonetse mauthenga. Koma kalata yofunsira nchito ikali ndi mau ochuluka chimodzimodzi ndi mu 2005. Buku la nkhongole za pa kantemba silinakule. Bulu ndi yemweyo, ngolo ndiye anaidzaza miyala, kenako akuuza kuti bulu wakalamba, gula wina.

Mapulogalamu a pa command line alibe miyala imeneyo. Alibe zithunzi zovina, alibe zotsatsa malonda, safunsa kuti ulembetse akaunti. Kalikonse kamachita nchito imodzi n'kukhala chete. Nzeru imeneyi inachokera ku Unix, ku Bell Labs, m'zaka za m'ma 1970, pamene kompyuta ya kampani yaikulu inali ndi mphamvu zochepa kuposa foni ya mabatani ya lero. Grep, imene imasakasaka mau m'mafaelo, ndi awk, imene imawerengera manambala a m'mizere, zinabadwira m'njala imeneyo. Ndiye chifukwa chake sizidya zambiri.

Koma kupepuka pakokha sikukwanira, ndipo apa ndi pamene pabwera nchito imene akatswiri amaitcha porting, kusamutsa pulogalamu kuchoka pa mtundu wina wa makina kupita pa wina. Pulogalamu iliyonse imayamba monga zolemba za munthu, zimene amati source code. Pulogalamu ina, compiler, imasandutsa zolembazo kukhala malangizo amene purosesa imamva. Vuto n'lakuti mapurosesa samva zofanana. Pulogalamu yomangidwira 64-bit siyaka pa makina a 32-bit. Yomangidwa ndi malangizo a SSE2, amene anabwera ndi Pentium 4 mu 2000, imagwa pomwepo pa Pentium III. Pa DOS, dzina la faelo silipitirira zilembo 8, kadontho, ndi zilembo zina 3, ndipo malo a masiku onse osewenzera ndi 640 KB chabe. Olo kumapeto kwa mzere wa mau Windows ndi Unix amalemba mosiyana. Munthu wosamutsa pulogalamu amakhala pansi n'kupeza pamene pakanika, kusintha mizere ingapo, kumanganso, kuyesa, kugwa, kumanganso, mpaka iyake.

Ndi nchito ya telala wa pa msika amene amabweza buluku la salaula kuti likukwane m'chiuno. Koma telala sangabweze chovala chimene saloledwa kumasula msoko wake. Pulogalamu ya kampani imabwera yosokedwa kale, source code anaitsekera, ndipo layisensi ikuletsa kuigwira. Pulogalamu yaufulu imabwera ndi zolemba zake zonse komanso chilolezo chakuti uzisinthe ndi kugawa. Ndiye cholinga chimene Richard Stallman analengezera GNU mu 1983, ndipo layisensi ya GPL, imene inatuluka mu 1989, inaonjezera lamulo limodzi: ukagawa pulogalamuyo, gawanso source code yake, kuphatikizapo zimene wasintha. Walandira chitseko chotsegula, usachitseke kumbuyo kwako.

Amene aganiza kuti izi ndi nthano aone zimene anthu wamba anachita. Cha m'ma 1989, DJ Delorie anafunsa Stallman ngati compiler ya GNU idzafika pa MS-DOS. Anayankhidwa kuti sizingatheke kamba kakuti compiler inali yaikulu kwambiri ndipo DOS inali ya 16-bit. Delorie anakaisamutsa yekha, n'kuitcha DJGPP. Kuchokera pamenepo, aliyense wokhala ndi kompyuta ya 386 anapeza compiler ya akatswiri kwaulere, ndipo olo masewera otchuka a Quake a mu 1996 anamangidwa nayo. Mu 1994, Jim Hall, amene panthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ku Wisconsin, atamva kuti Microsoft ifuna kusiya DOS, anaitana anzake pa intaneti kuti alembe yao. Ndiyo FreeDOS, imene inatulutsa 1.0 mu 2006 ndi 1.4 mu April 2025. Microsoft inasiya DOS kalekale, koma ya anthu odzipereka ikali kuyenda. Bruce Perens anayamba BusyBox m'ma 1990 kuti zida zoikira Debian zikwane pa floppy imodzi ya 1.44 MB. Lero BusyBox yanyamula malamulo mazana angapo m'faelo imodzi, ipezeka m'marauta ambiri a m'nyumba, ndipo inasamutsidwiranso pa Windows. Curl ya Daniel Stenberg wa ku Sweden yayendapo pa mitundu ya operating system yopitirira 100, kuphatikizapo DOS ndi Amiga. Michael Brutman analemba mTCP kuti olo IBM PC ya m'ma 1980 ilowe pa netiweki.

Palibe mmodzi wa anthu amenewa amene anadikira kuti kampani imumvere chisoni.

Mwina mukamba kuti, chabwino, koma ine wa ku Chawama kapena ku Kanyama ndipindulapo chiyani? Tiyeni tiwerenge. Netiweki ikaduka faelo ili pa theka, browser nthawi zina ikuyambitsa kuchiyambi, bundle n'kupita. Lamulo la wget -c limapitiriza pamene linalekezera, malinga seva ilola. Webusaiti yofunsira nchito ikakana satifiketi yako kuti faelo yakula, Ghostscript imachepetsa PDF ndipo ImageMagick imachepetsa chithunzi cha NRC ndi mzere umodzi. Ffmpeg imachepetsa vidiyo ya ukwati kuti itumizike pa WhatsApp, ndipo imachotsa mau m'vidiyo ya phunziro kuti uzimvera m'basi. Fulashi ikafufutika, PhotoRec ya Christophe Grenier imafukula mafaelo, ndipo imayenda pa DOS, pa Windows ndi pa Linux. SQLite imasunga mabuku onse a shopu m'faelo imodzi. Rsync imakopera chabe zimene zasintha, osati foda yonse. Kiwix-serve imasandutsa kompyuta imodzi yakale kukhala laibulale ya Wikipedia ya kalasi yonse popanda intaneti. Ndipo amene anaona mdima wa 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, adziwa phindu la pulogalamu imene itsiriza nchito batire isanathe. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Sikirini yakuda si yokongola, koma nyimbo iidziwa.

Sindikamba kuti a mapulogalamu aufulu ndi angelo. Nawonso amataya makina akale. Linux inasiya purosesa ya 386 mu 2013, yomweyo imene Linus Torvalds anayambirapo mu 1991. Ubuntu inaleka kutulutsa ya makompyuta a 32-bit. Debian 13, imene inatuluka mu August 2025, ilibenso njira yoikira pa makina a 32-bit a mtundu wa PC. Python 3.9 siyenda pa Windows 7. Anthu odzipereka amatopa, ndipo makina amene palibe amene awayesa amagwa m'njira. Koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Google itaima pa Chrome 109 kwa a Windows 7 mu 2023, wosewenzetsa Chrome analibe chonena pa chigamulocho. Debian ikasiya, zolemba zonse zimatsala poyera, ndipo ena monga a Alpine, antiX, Tiny Core ndi NetBSD amapitiriza kusamalira makina ang'onoang'ono. Pulogalamu yaufulu imafa pa makina ako pokhapo ngati palibe munthu olo mmodzi wofuna kuinyamula. Ndiye funso ndi lakuti, munthu ameneyo adzachokera kuti? Ku Ulaya makina amenewa anawataya kale, anatumiza kuno. Amene ali nawo pa tebulo tsiku lililonse ndife. Ngati sitiyesa, sitilemba kumene kwakanika, sititumiza zimene takonza, tisadabwe akatiiwala.

Apa ndi pamene tiyenera kudziyang'ana tokha, chifukwa matenda athu aakulu ndi kubisa nzeru. Aliyense amene anasewenzetsapo fulashi m'ma cafe a intaneti adziwa vairasi ija imene imabisa mafaelo n'kusiya ma shortcut. Mankhwala ake ndi mzere umodzi wa attrib, lamulo limene lili mu Windows iliyonse kuyambira nthawi ya DOS. Koma ndi angati amene anakuonetsani mzere umenewo? Ambiri amatembenuza sikirini kuti musaone, kulemba msangamsanga, n'kukulipiritsani monga achita zamatsenga. Kulipiritsa nchito si mlandu, munthu adya thukuta lake, ndipo olo GPL siletsa. Choipa ndi kusandutsa nzeru imene unaipeza kwaulere kukhala chithumwa. Delorie akanabisa DJGPP m'thumba, palibe amene akanamudziwa lero. Kupatsa n'kuika.

Chodabwitsa n'chakuti kugawana timakudziwa, koma timagawana zolakwika. Fulashi imene imazungulira m'ma hostel imakhala yodzala ndi Office yothyoledwa, Photoshop yothyoledwa, ndi ka activator kamene kamayamba ndi kukuuza kuti uzimitse antivairasi. Tiyerekeze: munthu wosamudziwa akuuza kuti umange galu wako kuti iye alowe m'nyumba usiku, iwe n'kuvomera. Mapulogalamu amenewo ndi olemera, ndi akuba, ndipo nthawi zambiri amabwera ndi alendo osaitanidwa. Pomwe fulashi yomweyo ikananyamula zida zaufulu mazanamazana zimene mwini wake anachita kulemba kuti tengani, gawani.

Kugawa bwino kuli ndi mwambo wake. Ukamanga pulogalamu kuti iyende pa kompyuta yakale, usapereke faelo ya exe yokha monga nyama yosadziwika kumene yaphedwera. Ikapo source code ndi zimene wasintha. Ikapo layisensi imene inabwera nayo, ndi dzina la amene anailemba, osati lako pamwamba pa lake. Ikapo nambala ya SHA-256 kuti wolandira atsimikize kuti faelo sinasinthidwe m'njira. Lemba kafaelo kakafupi kofotokoza makina amene unayesapo, purosesa yanji, RAM yochuluka bwanji, Windows kapena Linux iti, ndi zitsanzo ziwiri zitatu za kasewenzetsedwe. Kafaelo kameneko kalembe m'Chinyanja, chifukwa malangizo a zida zimenezi m'Chingelezi alipo kale ambirimbiri, m'chinenero chathu ndiye akusowa. Ndipo ukakonza cholakwika, tumiza kwa eni pulogalamu kuti wa ku Kitwe, wa ku Chipata ndi wa ku Lilongwe asavutikenso ndi zomwezo.

Ndidziwa zimene ena ayankhe. Choyamba, ati mabwana a nchito afuna Word ndi Excel, osati sikirini yakuda. Phunzirani Word ndi Excel, palibe amene akuletsani, ndi za masabata ochepa. Koma funsani aliyense wosamalira maseva a banki, a kampani ya mafoni kapena a intaneti kuti amasewenza ndi chiyani. Kuyambira November 2017, makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri padziko lapansi amayendera Linux. Foni ya Android imene ili m'thumba lanu nayo pansi pake pali Linux. Malamulo amene mungaphunzire pa Pentium ya fumbi ndi omwewo amene amalembedwa pa maseva amenewo. Ndipo munthu amene anavutikapo kumanga pulogalamu pa makina a RAM ya 512 MB amvetsa kompyuta kuposa amene anangodina Next kasanu.

Chachiwiri, ati makina akale ndi oopsa pa intaneti. Apa ali ndi mfundo. Windows XP inasiyidwa mu April 2014, Windows 7 mu January 2020, ndipo kulowa nazo mu akaunti ya banki ndi kuitana akuba. Koma yankho lake si kutaya makina. Ndi kuikapo operating system imene ikali kusamalidwa, kapena kuwapatsa nchito zosafuna intaneti. Zoona, olo mapulogalamu aufulu angalowetsedwe poizoni. Mu March 2024 kunapezeka khomo lachinsinsi limene munthu wina anabisa mu xz, kapulogalamu kopanikiza mafaelo. Koma analipeza bwanji? Katswiri wina, Andres Freund, anaona kuti kulowa pa makina ake kwachedwa ndi theka la sekondi, anafufuza, ndipo popeza zinthu zinali poyera, anafika pa gwero. Mu activator ya pa fulashi, ndani angafufuze?

Chachitatu ndicho cholemera, ndipo sindichipeputsa. Ati kodi si kutiuza kuti tizikhutira ndi makombo? Azungu asewere ndi zatsopano, ife tizinyadira zotsala? Mkwiyo umenewu ndi woyenera. Palibe amene ayenera kutitumizira zinyalala m'dzina la thandizo, ndipo kompyuta imene inafadi ndi yakufa, malo ake ndi kumene amaphwasula mosamala, osati m'kalasi. Mwana wa ku Zambia ayenera makina abwino monga mwana wina aliyense. Koma pamene timenyera zimenezo, lero tichita chiyani? Mu November 2015, ana a Giredi 9 polemba koyamba mayeso a kompyuta, masukulu ena anali ndi makina ochepa moti ana analemba mosinthana mpaka usiku. M'dziko limene zinachitika zimenezo, kutsekera m'sitolo kompyuta yoyaka kamba kakuti siyendetsa Windows yatsopano si kunyada, ndi kuononga. Lipoti la mabungwe a United Nations linapeza kuti mu 2022 dziko lapansi linataya zinyalala za zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zosakwana kota ndi zimene zinalembedwa kuti zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwa moyenera. Kutaya msanga si chitukuko chimene tiyenera kukopera.

Ndiponso wodya makombo weniweni ndani? Ndi uja amene adikira kuti kampani ya kutali imuuze chimene makina ake aloledwa kuchita, n'kuba layisensi kuti aoneke monga ali nawo limodzi. Amene atenga source code, kuisintha, kuimanga pa makina ake ndi kubweza zimene wakonza, ameneyo sadya makombo. Ali m'khitchini, aphika nawo.

Ndipo si zachilendo kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, maimelo a pa UNZA anali kuyenda kudzera pa FidoNet, njira imene makompyuta wamba anali kuimbirana pa lamya n'kupatsana mauthenga. Kuchokera pa nchito imeneyo kunabadwa Zamnet mu 1994, ndipo Zambia inakhala limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kulumikizidwa mokwanira pa intaneti. Makina amene anachitira zimenezo anali ofooka kutalitali poyerekeza ndi laputopu imene inu mwaiika pansi pa bedi kuti yatha.

Itulutseni. Ipukuteni fumbi, muone purosesa ndi RAM imene ili nayo. Sungani mafaelo anu pena, kenako muikepo Linux yopepuka, kapena FreeDOS ngati ndi ya makedzana, kapena BusyBox pa Windows yomweyo. Sankhani kapulogalamu kamodzi kamene kakuthandizani, muyese kukamanga nokha kuchokera ku source code. Kadzakana, ndipo uthenga umene kadzalemba pokana ndilo phunziro lanu loyamba. Kakadzayaka, lembani zimene munachita, muike pa fulashi pamodzi ndi layisensi, mupatse mnzanu wa pa khomo loyandikana. Ndipo pomuonetsa, sikirini muitembenuzire kwa iye.